Pulogalamu yowerengera ma feed ndi seva yolunzanitsira: tisankhe ziti?

NaBanda
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru pa nkhani ya RSS, njira ija yolandirira nkhani zatsopano za masamba ambiri pamalo amodzi. Zipangizo ndi ziwiri, foni ya Android ndi laputopu ya Windows. Masamba ofuna kutsata alipo pafupifupi 80, ambiri ndi a nyuzi, ena mabulogu ndi matchanelo a YouTube. Chofunika n'choti nkhani ikawerengedwa pafoni isadzaonekenso ngati yatsopano pa laputopu, ndipo bandulo isamathe msanga. Mayina ndaona ambiri: Feedly, Inoreader, FreshRSS, Feeder. Koma chikuchita chiyani n'chiti sindikusiyanitsa. Ndiyambire pati?

a Mbewe
Zikomo achemwali. Mayina mwatchulawo si a zinthu za mtundu umodzi, n'chifukwa chake akukusokonezani. Pali zinthu zitatu.

Choyamba ndi feed yeniyeniyo. Iyi ndi fayilo imene tsamba limatulutsa, momwe muli mndandanda wa nkhani zake zatsopano: mutu, linki, tsiku, ndi nkhani yonse kapena kachidule chabe. Ikhoza kukhala ya RSS 2.0, ya Atom kapena JSON Feed, koma izi zisakudetseni nkhawa, mapulogalamu a masiku ano amawerenga RSS ndi Atom popanda vuto.

Chachiwiri ndi pulogalamu ya m'foni kapena pakompyuta, imene mumawerengerapo.

Chachitatu chili pakati: seva imene imayendera ma feed onse usana ndi usiku, kusunga nkhani, ndi kukumbukira kuti iyi mwawerenga, iyi mwaika kanyenyezi. Feedly ndi Inoreader ndi maseva a eni ake amene ali ndi mapulogalamu awoawo. FreshRSS ndi seva imene mumakhazikitsa nokha. Feeder ndi pulogalamu ya Android imene imakatenga yokha ma feed kuchokera pafoni.

Yambani ndi chapakatichi. Pulogalamu mukhoza kuisintha madzulo amodzi osataya kanthu, koma kumene kukusungidwa zowerengedwa ndi nyenyezi zanu n'kumene kumavuta kusamuka. Anthu anazionera pa Google Reader, imene inayamba mu 2005 n'kutsekedwa pa 1 July 2013. Mapulogalamu ambiri ankadalira iyoyo polunzanitsa, ndipo itatsekedwa anasowa pogwira. Chimene chinatsala ndi chilankhulo chake, Google Reader API, chimene maseva ngati FreshRSS ndi Miniflux akulankhulabe mpaka pano.

Che Saidi
Pa za bandulo tiwerengetse, kuti zioneke bwino. Tiyerekeze feed iliyonse ndi 100 KB. Zina ndi zazing'ono kuposa apa, zina zokhala ndi nkhani zonse zimapitirira. Ma feed 80 ndiye 8 MB paulendo umodzi. Foni ikamayendera ola lililonse, ndi 192 MB patsiku, pamwezi pafupifupi 5.8 GB, musanatsegule ndi chithunzi chomwe.

Pulogalamu yolembedwa bwino imachepetsa zimenezi. Imasunga zizindikiro ziwiri zimene tsamba limapereka, ETag ndi Last-Modified, ndiye ulendo wotsatira imafunsa kaye ngati pasintha kanthu. Ngati palibe, tsamba limayankha 304 osatumiza fayilo. Vuto ndi loti si masamba onse amene amatsatira izi, ndipo tsamba la nyuzi limasinthadi pafupifupi ola lililonse, choncho fayilo yonse imabwerabe ngakhale nkhani yatsopano ili imodzi.

Wina anganene kuti ndiye ingoyenderani kawiri patsiku, 16 MB basi. Apa m'pamene pali msampha. Tsamba la WordPress, ngati mwini wake sanasinthe, limaika mu feed nkhani 10 zokha zomalizira. Tsamba lotulutsa nkhani 30 patsiku, nkhani 10 zimenezo ndi za maola pafupifupi 8. Mukayendera pakatha maola 12, zina zadutsa kale, ndipo palibe chimene chingakuuzeni kuti mwaphonya. Feed si nkhokwe, ndi zenera.

Seva ikakhala pakati, iyo ndi imene imayendera pafupipafupi ndi intaneti yake. Foni imangotenga zatsopano. Nkhani 200 za 5 KB iliyonse ndi 1 MB. Kusiyana kwake n'kumeneko.

NaBanda
Zamveka tsopano. Ndiye Feeder ndiisiye?

Che Saidi
Feeder ndi yabwino, yaulere, ilibe zotsatsa, imapezeka pa F-Droid (sitolo ina ya mapulogalamu a Android) ndi pa Play Store. Kwa munthu wa foni imodzi ndi mabulogu 20 otulutsa nkhani mwa apo ndi apo, ndi yokwana. Kwa inu siyikwanira, chifukwa pa Windows palibe, ndipo ma feed a nyuzi achuluka.

Nangozo
Ine ndinganene kuti NaBanda ayambe ndi seva ya eni ake, yaulere, aone kaye mmene kawerengedwe kake kakuyendera. Malire a maakaunti aulere akhala motere kwa nthawi ndithu: Feedly ma feed 100, Inoreader 150, NewsBlur 64. Manambalawa eni ake amatha kusintha, choncho onani patsamba lawo la mitengo musanalembetse. Ndi ma feed 80, NewsBlur yaulere yatuluka kale. Feedbin ilibe akaunti yaulere yokhalitsa, mumangoyesa kwa masiku kenako mulipire.

Pakati pa Feedly ndi Inoreader ndingasankhe Inoreader. Malo ndi ambiri, ndipo Feedly yaulere imapanikiza pa chiwerengero cha mafoda, pamene munthu wa ma feed 80 afunika kugawa: nyuzi za kuno, za kunja, zaulimi, makanema, ndi zina. Zosefera zamphamvu za Inoreader, zija zimati nkhani yokhala ndi mawu akuti iziikidwa apa, ndi za olipira. Pa laputopu simufunika kuika chilichonse, mumangotsegula pa Chrome kapena Firefox. Pafoni mumaika pulogalamu yawo.

Chimodzi choti mudziwe: Feedly imatenga nkhani zimene zakhala masiku oposa 30 zosawerengedwa n'kuziika ngati zowerengedwa. Nkhani imene mukufuna kudzaibwerera muziisunga ndi chizindikiro, musamaisiye ngati yosawerenga poganiza kuti ikudikirani.

Za kulipira, zonsezi ndi za madola ndipo zimafuna khadi imene banki yailola kugula pa intaneti kunja. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, musamange dongosolo lanu pa chinthu chimene chidzaima mwezi umene khadi yakana.

a Jere
Amayi Nangozo anena zoona pa kuyamba, koma mbali inayi imvekenso. Akaunti yaulere malamulo ake ali m'manja mwa ena. Lero 150, mawa akhoza kutsitsa. Amene angathe kusamala seva ali ndi njira ziwiri zodalirika.

FreshRSS inalembedwa mu PHP. Pa database, mosungira nkhani zake, imagwira ndi SQLite, MySQL, MariaDB kapena PostgreSQL. Kwa munthu mmodzi kapena banja SQLite yakwana, ndipo ubwino wake ndi woti imakhala ngakhale pa hosting wamba ya PHP imene ena ali nayo kale chifukwa cha tsamba lawo. Chimene ambiri amaiwala ndi cron, chida cha pa seva chimene chimayendetsa ntchito chokha pa nthawi zoikika. Popanda cron, FreshRSS imatenga nkhani pokhapokha mwatsegula tsamba lake, ndiye phindu lonse lija la kuyendera usiku latha. Muike cron yoyendetsa fayilo ya app/actualize_script.php, mwachitsanzo mphindi 20 zilizonse. Pa Docker mumangodzaza CRON_MIN. Dziwaninso kuti ngakhale cron ithamange chotani, feed iliyonse ili ndi malire ake a nthawi, amene poyambira ndi ola limodzi. Kwa tsamba lotulutsa nkhani zambiri mukhoza kutsitsa pa feed imeneyo yokha.

Miniflux inalembedwa mu Go, ndi fayilo imodzi yoyendetsa, koma imafuna PostgreSQL basi, palibe kuchitira mwina. Cron siyifunika, imadziyendera yokha. POLLING_FREQUENCY poyambira ndi mphindi 60, BATCH_SIZE ndi 100, choncho ma feed 80 onse amalowa ulendo umodzi. Mukadzapitirira 100, kwezani BATCH_SIZE, apo ayi ena azidikira ulendo wotsatira. Poyambitsa koyamba muike RUN_MIGRATIONS=1 ndi CREATE_ADMIN=1, ndipo BASE_URL ikhale adiresi yeniyeni imene muzitsegulira. Tsamba lake ndi lopepuka kwambiri, limatseguka ngakhale netiweki ili yofooka.

Kusiyana kwake: FreshRSS ili ndi zosankha zambiri, zowonjezera, ndi njira yopangira feed kuchokera patsamba limene lilibe, pogwiritsa ntchito XPath. Miniflux ndi ya zochepa zogwira bwino. VPS (seva yobwereka pa intaneti) yaing'ono ya 1 GB ya RAM imanyamula iliyonse mwa ziwirizi.

Wa pa Chirimba
Akuluakulu, nanga kuika seva pa Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono kaja, kunyumba, kupewa kulipira VPS?

Nangozo
Apa ndiye ndikutsutsa, achimwene, pa zifukwa zitatu.

Magetsi. Akathima maola 8 kapena kuposa, seva yagona, ndipo vuto lija anafotokoza Che Saidi la nkhani 10 labwerera pakhomo. Kuonjezera apo, Pi ikazima mwadzidzidzi ili mkati molemba, SD card imaonongeka, database n'kukana kutseguka.

Kufikira seva muli kunja kwa nyumba. Intaneti ya pa SIM card, kaya ya MiFi kaya ya rauta, nthawi zambiri imadutsa pa CGNAT, kutanthauza kuti adiresi imodzi ya panja mukugawana anthu ambiri. Kuti mudziwe, tsegulani tsamba la rauta muone adiresi ya WAN. Ikakhala pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, kapena yoyamba ndi 10, port forwarding, kutsegula khomo pa rauta kuti seva ifikirike kuchokera kunja, siigwira ngakhale muichite molondola.

Chachitatu, deta ija ya 5.8 GB sinachoke, yangosamukira pa bandulo ya kunyumba.

a Jere
Zifukwazo n'zomveka, koma ziwiri zili ndi mankhwala. Pa CGNAT ikani Tailscale pa Pi, pafoni ndi pa laputopu, zonse zizionana ngati zili m'nyumba imodzi popanda kutsegula port. Cloudflare Tunnel imachitanso ntchito yofanana ngati muli ndi domain. Pa magetsi, Pi 4 imafuna 5V 3A pa USB-C, ndiye ka UPS kakang'ono ka DC kaja amagulitsira ma rauta kakhoza kunyamula zonse ziwiri ngati kali ndi potulukira 5V pokwana 3A. Power bank wamba musaidalire, yambiri imaduka kamphindi magetsi akamachoka kapena kubwera, ndipo kamphindi komweko Pi yazima. Database muiike pa SSD ya USB, osati pa SD card. Chachitatucho ndilibe yankho, bandulo idzadyedwa ndithu. Kwa NaBanda sindikulimbikitsa Pi.

NaBanda
Zikomo nonse. Ndiyamba ndi Inoreader yaulere monga anenera amayi Nangozo. Koma masamba ambiri sakuonetsa kachizindikiro ka RSS. Adiresi ya feed ndiipeza bwanji?

NaSibeko
Kachizindikiroko kanasowa m'masamba ambiri, ndipo Firefox inachotsa zoonetsera ma feed mu version 64, mu December 2018. Koma ma feed akadalipo. Choyamba ingoikani adiresi ya tsambalo m'bokosi lowonjezerera feed, seva imafufuza yokha. Ikalephera, tsegulani tsambalo pa laputopu, dinani Ctrl+U, kenako Ctrl+F mufufuze rss+xml kapena atom+xml. Linki ili pamzere umenewo ndi imeneyo.

Zina mukhoza kungoziloweza. Tsamba la WordPress, onjezerani /feed/ kumapeto kwa adiresi. Masamba ambiri a nyuzi a kuno ndi a ku Zambia ali pa WordPress, monga Nyasa Times, Malawi24 ndi Lusaka Times. Chothandiza kwambiri n'choti gawo lililonse lili ndi feed yake: adiresi ya gawolo, mwachitsanzo /category/business/, n'kuonjezera feed/ kumapeto. Mukatenga magawo awiri okha amene mumawerengadi, nkhani zosafunika zimachepa, ndipo malo 10 aja amakhala a gawo limenelo lokha, choncho sizidutsa msanga.

Blogger ndi /feeds/posts/default. Substack ndi /feed. Pa Reddit ndi pa Mastodon onjezerani .rss kumapeto. Pa GitHub, /releases.atom imakuuzani pulogalamu ikatuluka yatsopano. BBC gawo la Africa ndi feeds.bbci.co.uk/news/world/africa/rss.xml.

YouTube ndi youtube.com/feeds/videos.xml?channel_id= kenako nambala ya tchanelo, ija imayamba ndi UC. Dzina loyamba ndi @ siligwira pamenepa. Feed imeneyi imaonetsa makanema 15 omalizira.

Ngati mukufuna kutsata mutu osati tsamba, news.google.com/rss/search?q= kenako mawu anu, monga Malawi+maize. Imabweretsa mitu ndi malinki, koma imachulutsa, choncho muipatse foda yakeyake.

Facebook ilibe feed. Bungwe limene limalengeza pa Facebook pokha simungalitsate bwinobwino ndi RSS. Zida ngati RSS-Bridge ndi RSSHub zimapanga ma feed a masamba ambiri opanda feed, koma mwini tsamba akasintha kamangidwe kake zimaduka mpaka wina akonze.

a Mbewe
Kuonjezera pa za NaSibeko: makalata a pa imelo aja amatumizidwa sabata ndi sabata akhozanso kulowa. Feedbin imapatsa aliyense adiresi ya imelo yolembetsera, makalatawo n'kumafika ngati feed. Kwa amene sali pa Feedbin, Kill the Newsletter imapanga adiresi ya imelo ndi feed ya Atom yogwirizana nayo.

Wa pa Chirimba
Ine ndatsata ya a Jere, FreshRSS pa hosting. Pa pulogalamu ya foni akundifunsa kusankha pakati pa Fever ndi Google Reader API. Kusiyana kwake n'kotani?

a Jere
Sankhani Google Reader API, kapena FreshRSS ngati dzinalo lilipo pamndandanda. Fever inali pulogalamu ya Shaun Inman imene inasiya kukonzedwa kalekale, chinatsala ndi API yake. Ndi yosavuta, koma ndi yopunguka. Simungawonjezere kapena kuchotsa feed muli pafoni, simungasinthe foda, imapereka nkhani 50 pa pempho lililonse choncho sync (kulunzanitsa) yoyamba imachedwa, ndipo chiphaso chake ndi MD5 ya dzina ndi pasiwedi, njira yachikale yosalimba. Muigwiritse ntchito pokhapokha pulogalamu yanu isakudziwa china.

Masitepe pa FreshRSS ndi awa. Lowani ngati admin, pitani ku Authentication, chongani Allow API access, sungani. Kenako ku Profile ikani API password. Iyi ndi ina, si imene mumalowera nayo pa tsamba, ndipo ikhale yosiyana dala, kuti foni ikatayika musinthe iyo yokha. Mukatero tsegulani adiresi ya seva yanu n'kuonjezera /api/ kumapeto. Tsamba limenelo limadziyesa lokha ndi kulemba PASS kapena FAIL. Mu pulogalamu ya foni, adiresi ndi ya seva yanu kuonjezera /api/greader.php, dzina ndi lanu lomwelo, pasiwedi ndi ya API.

Pa Miniflux ndi Settings, Integrations, Google Reader, kuyatsa n'kuika dzina ndi pasiwedi. Adiresi yoika pafoni ndi ya seva yokha popanda chowonjezera.

Nangozo
Mapulogalamu a Android olankhula chilankhulo chimenechi: Read You, Capy Reader, FeedMe, ndi Readrops. Read You ndi Capy Reader ndi zopepuka, zooneka bwino. FeedMe maonekedwe ake ndi achikale koma pa kuwerenga popanda intaneti ili ndi zosankha zambiri, kuphatikizapo kutsitsiratu zithunzi ndi nkhani zonse pa Wi-Fi pokha. Pa Windows pali Fluent Reader ndi RSS Guard. Thunderbird imawerenga ma feed koma siilunzanitsa ndi maseva amenewa, choncho pa funso la NaBanda siikulowa. A Linux ali ndi NewsFlash, ndipo okonda terminal ali ndi Newsboat.

Poyesa pulogalamu iliyonse chitani ichi. Lunzanitsani, yatsani flight mode, werengani nkhani 5, ikani kanyenyezi pa imodzi, tsekani pulogalamu. Bwezeretsani netiweki, lunzanitsaninso, kenako onani pa laputopu. Zisanu zija zikhale zowerengedwa, kanyenyezi kaoneke. Pulogalamu yosasamala imatenga kaye za ku seva isanatumize zanu, ndiye nkhani zimene munawerenga zimabwerera ngati zatsopano. Imene yalephera mayeso amenewa ichotseni, ngakhale ikongole bwanji.

Che Saidi
Pa deta, chimene chimadya kwambiri seva ikakhalapo ndi zithunzi. Nkhani 200, chithunzi chimodzi cha 150 KB pa iliyonse, ndi 30 MB patsiku, kuchulukitsa ka 30 kuposa mawu. Mu settings fufuzani malo atatu: kutsitsa zithunzi pa Wi-Fi pokha, kuzimitsa tizithunzi ta pamndandanda, ndi kuchepetsa chiwerengero cha nkhani zakale zosungidwa m'foni. Sync yoyamba muichite pa Wi-Fi kapena pa bandulo ya usiku, chifukwa imakoka zonse zimene seva yasonkhanitsa.

Palinso masamba amene amaika kachidule kokha mu feed kuti mukatsegule tsamba lawo. Tsamba limodzi lokhala ndi zotsatsa likhoza kudya ma MB angapo. Seva yanu ikhoza kukatenga nkhani yonse m'malo mwanu: pa Miniflux chongani Fetch original content pa feed imeneyo, pa FreshRSS lembani CSS selector ya chigawo chimene chili ndi nkhani, monga .entry-content pa masamba ambiri a WordPress. Musayatse pa ma feed onse, yatsani pa okhawo oduladula. Ndipo tikumbukire kuti zotsatsazo n'zimene zimalipira atolankhani, choncho nyuzi imene mumaidalira tsiku ndi tsiku ndi bwino kumaitsegulabe kapena kuilembetsa.

NaBanda
Ndalembetsa, ma feed 62 alowa. Koma m'mawa pulogalamu imakhala ilibe zatsopano mpaka nditaitsegula ndi kudikira. Ndimafuna zizikhala zitatsika kale kuti ndiziwerenga m'minibasi mopanda netiweki.

Che Saidi
Imeneyo ndi foni, achemwali, si seva. Kuyambira Android 6 pali Doze, imene imagoneka mapulogalamu foni ikakhala osagwiritsidwa ntchito, ndipo opanga mafoni ambiri amaonjezerapo zawo zosungira batire zimene zimapha mapulogalamu a kumbuyo. Pitani ku Settings, Apps, sankhani pulogalamuyo, Battery, muike Unrestricted kapena Don't optimize. Pa mafoni a Tecno, Infinix ndi itel yang'ananinso auto-start ndi kuilola. Ngati Data Saver ndi yoyaka, ipatseni chilolezo cha unrestricted data. Musamaikankhe kuichotsa pa mapulogalamu otseguka, mafoni ena amatenga zimenezo ngati lamulo loimitsa. Ngakhale zonsezi zitatheka, Android siilola ntchito yobwerezabwereza ya kumbuyo kuyenda pafupipafupi kuposa mphindi 15, ndipo nthawi yake siilonjeza. Njira yosalephera ndi kutsegula pulogalamu musanachoke pakhomo, kuikokera pansi, kudikira sync ithe.

Wa ku Joni
Pepani kulowerera. Kwa wa iPhone ndi MacBook, malangizo ndi omwewa?

a Mbewe
Kwa inu achimwene njira ndi yaifupi. NetNewsWire ndi yaulere, ilipo kuyambira 2002, ya Brent Simmons. Imalunzanitsa kudzera pa iCloud popanda akaunti ina, komanso imalumikizana ndi Feedbin, Feedly, Inoreader, NewsBlur, BazQux, The Old Reader ndi FreshRSS. Koma mvetsani ichi: iCloud ndi posungira chabe, siyendera ma feed. Amene amayendera ndi foni kapena Mac yanu ikakhala yoyaka. Zonse zikazima tsiku lathunthu, nkhani za masamba othamanga zidutsa. Kwa mabulogu zilibe kanthu, kwa nyuzi ikani seva yeniyeni. Ndipo mukadzagula foni ya Android, za mu iCloud sizikutsatani.

Pa Reeder samalani ndi mayina. Imene imalumikizana ndi maseva ngati FreshRSS ndi Feedbin ndi Reeder Classic. Yatsopano ija inatuluka mu 2024 ndi ya mtundu wina, imalunzanitsa pa iCloud ndi kukumbukira pamene munalekezera m'malo moonetsa chiwerengero cha nkhani zosawerengedwa.

NaSibeko
NaBanda, poti mwangoyamba, pali chizolowezi chimodzi choti muchigwire lero lomwe. Pitani ku settings mufufuze Export OPML, musunge fayiloyo pa laputopu, ndipo muzibwereza mukasintha ma feed. Ndi kafayilo ka ma KB ochepa, momwe muli mayina, ma adiresi ndi mafoda. Seva iliyonse ndi pulogalamu iliyonse tatchulayi imailandira. Koma OPML siinyamula zowerengedwa, siinyamula nyenyezi, siinyamula nkhani zenizenizo. Posamuka, nkhani zonse zimene zili mu feed nthawi imeneyo zimabwera ngati zatsopano. Choncho malizani kaye zofunika ku seva yakale, lowetsani OPML ku yatsopano, dinani Mark all as read, yakaleyo muisiye sabata imodzi kuti muyerekeze ngati pali feed imene sikubwera, kenako muitseke.

Nkhani zofuna kusunga zaka musazisiye pa nyenyezi zokha. Pocket, imene ambiri ankasungirako, Mozilla inaitseka mu July 2025. Wallabag mukhoza kuikhazikitsa nokha, ndipo Miniflux imatumizako mwachindunji. Kapena ingosindikizani ngati PDF. Maseva amafufutanso zakale: Miniflux poyambira imachotsa zowerengedwa zikatha masiku 60 ndi zosawerengedwa zikatha masiku 180, kupatula za nyenyezi.

NaBanda
Ndasunga. Palinso feed imodzi imene yabweretsa nkhani 10 zomwezo kawiri, ndi ina ikulemba 403.

a Mbewe
Kubwereza kumachokera ku tsambalo. Nkhani iliyonse mu feed ili ndi chizindikiro chake, guid pa RSS kapena id pa Atom, ndipo seva imadziwira pamenepo kuti iyi ndinaiona kale. Mwini tsamba akasintha domain, kapena kuchoka pa http kupita pa https, zizindikiro zikhoza kusintha zonse, ndiye nkhani 10 zija zimaoneka zatsopano. Zikachitika kamodzi, ziikeni ngati zowerengedwa basi. Zikamachitika tsiku lililonse, onani ngati simunalembetse feed imodzi kawiri, ina ya www ina yopanda, kapena feed yaikulu pamodzi ndi ya gawo.

403 ndi kukanizidwa. Kawirikawiri tsambalo lili kumbuyo kwa chitetezo ngati cha Cloudflare, chimene chatenga seva yoyendera ngati loboti yoipa. Pa seva ya eni simungachite zambiri kupatula kudikira ndi kulembera a tsambalo kuti amasule adiresi ya /feed/. Pa seva yanu mukhoza kusintha User-Agent ya feed imeneyo, dzina limene seva imadzitchula nalo poyendera, nthawi zina zimatheka. 429 ndi yosiyana, ikutanthauza kuti mwayendera mopitiriza, talikitsani nthawi. 404 ndiye kuti feed yasamuka, kaifufuzeninso. A Miniflux adziwe kuti feed ikalephera kuwerengeka katatu motsatizana imasiya kuyenderedwa mpaka mutaidina Refresh nokha, choncho muzisuzumira mndandanda wa Feeds kamodzi pa sabata.

Wa pa Chirimba
A Jere, tsamba la /api/ likulemba FAIL pa Google Reader, ndipo pafoni yakale ya mayi a kunyumba ikukaniratu, akuti certificate.

a Jere
Ndi mavuto awiri osiyana. FAIL imeneyo kawirikawiri ndi Apache, pulogalamu yoyendetsa masamba pa hosting, imene ikukana %2F mu adiresi. Pafunika mzere wa AllowEncodedSlashes On mu VirtualHost. Mu .htaccess sugwira, choncho pa hosting wamba muwalembere a hosting akuikireni. Onaninso kuti base_url mu data/config.php ikufanana ndendende ndi adiresi imene mumatsegulira, kuphatikizapo https.

Za certificate, chiphaso chimene tsamba la https limaonetsa foni, onani version ya Android pafoniyo. Yotsika kuposa 7.1.1 siidziwa ISRG Root X1, muzu wa ma certificate a Let's Encrypt, ndipo njira yodutsira imene inkathandiza mafoni akale inatha mu 2024. Firefox ya Android imayenda ndi mndandanda wake wa ma certificate, choncho ngati ikulola kuikidwa pafoniyo, atsegulire FreshRSS mmenemo m'malo mwa pulogalamu. Certificate yodzipangira nokha musayese, kuyambira Android 7 mapulogalamu ambiri saikhulupirira ngakhale mutailowetsa m'foni. Mukakonza za Apache, tsegulaninso /api/, ikalemba PASS chotsani akaunti mu pulogalamu ya foni yanu muilowetsenso mwatsopano.